Gawo la Amalume

Mawu otitsogolera: Genesis 13:1-12, Genesis 29:13-30, Yakobo 1:27



Mwezi wa Novembala ukangoyamba, Mpingo umatipatsa masiku awiri otsatizana. Pa 1 timakondwerera Oyera Mtima Onse, ndipo pa 2 timakumbukira abale athu amene anatisiya ali m'chikhulupiriro. Ambiri a ife timalemba mayina pa kapepala n'kupereka kwa ansembe kuti akawatchule pa guwa. Chaka chino pa kapepala ka banja lathu pawonjezeka dzina limodzi, la amalume athu aakulu, mlongo wawo wa amayi athu otibereka.

Ife amene tikulemba mawu ano ndife mbumba yawo. Tilipo atatu pachibale, ndipo tonse timavala yunifolomu imene inu mumavala. Mbiri ya moyo wawo inawerengedwa kale kumanda, ndipo sitikufuna kuibwereza pano. Chimene chatilembetsa ndi nkhani ya tsiku limodzi, pamene amalume anachita chinthu chimene ife tinakwiya nacho kwambiri. Zinatitengera zaka kuti tivomereze kuti olakwa tinali ife. Nkhaniyi ndi yochititsa manyazi, koma tikuiulula chifukwa tikudziwa kuti si banja lathu lokha limene linakhalapo pa mphasa yotere.

Anthu awiri a m'Baibulo

Kwathu ku Nkhotakota, monga m'madera ambiri a Achewa, malume si munthu wamba. Ndiye mwini mbumba. Mtsikana akapeza mwamuna, chinkhoswe sichichitika iye asanavomere. Mwana akapalamula, wokaima kwa amfumu ndi iye. Anthu akalimbirana munda, maliro akagwa, banja likagwedezeka, onse amati, "Kaitaneni amalume." Mphamvu yotere ikakhala m'manja abwino, mbumba yonse imagona tulo. Ikakhala m'manja adyera, ana amasiye amalira. Buku la Genesis limationetsa anthu awiri amene anali ndi mphamvu imeneyi pa mwana wa m'bale wawo.

Woyamba ndi Labani. Iyeyu anali mlongo wake wa Rebeka, choncho kwa Yakobo anali malume weniweni monga timanenera ife. Yakobo anafika ku Harani akuthawa mkwiyo wa mkulu wake Esau, m'manja mulibe kanthu koma ndodo yokha. Labani anamuthamangira, kumukumbatira, n'kumuuza kuti awiriwo ndi magazi amodzi. Mawu okoma ndithu. Koma utangotha mwezi umodzi, nkhani inasanduka ya ntchito ndi malipiro. Yakobo anagwira ntchito zaka 7 kuti akwatire Rakele, koma usiku wa ukwati anamulowetsera Leya. Anagwiranso zaka 7 zina, kenaka zaka 6 zogwirira ziweto, zonse pamodzi zaka 20, ndipo m'zaka zimenezo Labani anasintha malipiro ake kakhumi konse (Genesis 31:41). Pomaliza ngakhale ana aakazi a Labaniyo anadandaula kuti bambo awo anawagulitsa n'kudya zimene analandira (Genesis 31:14-15). Munthu wodyera mwana wa mlongo wake sachedwa kudyeranso ana ake omwe.

Wachiwiri ndi Abrahamu. Loti anali mwana wa Harana, m'bale wake wa Abrahamu amene anamwalira ku Uri. Mwachichewa Loti akanamutcha Abrahamu kuti bambo, koma udindo ndi womwewo: mwana wamasiye m'manja mwa wamkulu wa banja. Ziweto zitachuluka, abusa awo anayamba kukangana chifukwa cha msipu. Abrahamu anali wamkulu, ndipo lonjezo la dziko Mulungu anapatsa iyeyo. Akanatha kungolamula. Koma anauza mwanayo kuti ayambe ndiye kusankha, ndipo Loti anatenga chigwa cha Yordano chimene chinali ndi madzi ambiri. Abrahamu sanasunge mangawa. Loti atagwidwa pa nkhondo, Abrahamu anatenga anthu ake 318 n'kukamulanditsa (Genesis 14:14-16). Mulungu atati awononge Sodomu, kumene Loti ankakhala, Abrahamu anaima n'kuchonderera, kuyambira pa anthu olungama 50 mpaka kutsika kufika pa 10.

Onse awiri, Labani ndi Abrahamu, ankatchula chibale pakamwa. Kusiyana kwawo kunaoneka pa tsiku logawana chuma. Amayi anzathu, chibale chathu nachonso chimayesedwa pa tsiku lomwelo.

Amalume athu anali otani?

Anabadwira m'mudzi wa m'mbali mwa nyanja m'nthawi ya atsamunda, ndipo sukulu sanapite nayo patali. Ali mnyamata anakwera ndege ya Wenela kupita ku migodi ya ku Joni monga anzawo ambiri. Boma litaletsa ulendo umenewu mu 1974, ndege yonyamula anthu athu itagwa ku Francistown, iwo anamaliza kontirakiti yawo n'kubwerera kumudzi. Anabwera ndi njinga ndi makina osokera. Njinga anasunga, koma makina anapereka kwa amayi athu. Makina amenewo ndiwo anatiphunzitsa ife sukulu.

Kumudzi ankapha nsomba ndi kulima mpunga ndi chinangwa. Tchalitchi chathu chinali cha kunthambi, kumene ansembe ankafika mwa apo ndi apo. Belu linali limu ya galimoto yopachika pa mtengo wa mango, ndipo kwa zaka zambiri woimenya anali iwo. Ansembe akapanda kubwera, ankatsogolera okha Mapemphero a M'mawa, kuwerenga pang'onopang'ono chala chili pa mzere.

Madzulo aliwonse, nsima itatha, ankayatsa koloboyi n'kutisonkhanitsa pa khonde. Pemphero lawo linali lalitali moti ana tinkagonapo. Chinkalitalikitsa ndi mayina. Ankatchula wachibale aliyense payekhapayekha: odwala, okwatiwa kutali, amene anapita ku Zimbabwe kalekale osabweranso, ndiponso abale athu achisilamu a kutsidya kwa mtsinje, amene akabwera kudzacheza amalume ankawapatsa nkhuku kuti achinje okha. Tikadandaula kuti mayina achuluka, ankati munthu amene wasiya kumutchula pamaso pa Mulungu, mawa udzamudutsa pa msewu ngati mlendo.

Sanali mngelo ayi. Anali aukali, ndipo akanena chinthu kunali kovuta kuwabweza. Tikunena zimenezi kuti pasakhale woganiza kuti zimene anachita ndi za anthu apadera okha.

Tsiku logawa katundu

M'zaka za m'ma 1990 maliro anachuluka m'dziko muno, chifukwa cha matenda amene masiku amenewo tinkaopa kuwatchula dzina. Amalume athu aang'ono, amene ankagwira ntchito ku minda ya nzimbe ku Dwangwa, anadwala nthawi yaitali n'kumwalira. Anasiya mkazi ndi ana anayi, wamkulu ali ndi zaka 11, wamng'ono ali kumsana. Anasiyanso nyumba ya malata imene anamanga ndi mkazi wawo, ndi katundu wa m'nyumba. Mkaziyo kwawo kunali kutali, ndipo abale ake amene anafika pa maliro anali ochepa.

Ife tinali atsikana akuluakulu, mmodzi atakwatiwa kale. Tinakulira m'chiphunzitso chakuti chuma cha malume n'cha mbumba, ndipo ana ndi a kuchikazi. Choncho m'maganizo athu sitinkaba. Tinkangotenga zathu. Usiku wa maliro, amayi a mpingo akuimba pabalaza, namfedwa atagona pa mphasa, ife tinali kukhitchini kuwerenga mbale ndi mapoto. Mmodzi wa ife anali atakulunga kale simbi m'chitenje n'kuibisa m'dengu. Amayi athu ndi amayi aang'ono ankanong'onezana kuti mkazi ameneyu ndiye wapha mlongo wawo, ndipo asadyerere thukuta lake.

Titaika maliro, anthu a mpingo anatsanzika n'kupita. M'mawa wa tsiku lachitatu anayala mphasa kuseri kwa nyumba. Msuweni wathu wina anabwera ndi kope limene analembamo zonse: nyumba, njinga, wailesi, bedi ndi matiresi, mipando, kabati, mapoto, mbuzi ziwiri, ndi ndalama zimene zimayembekezeka kuchokera ku ntchito. Galimoto yonyamula katundu inali itaima kale kumsewu. Chinatsala n'chakuti mwini mbumba agawe, asudzule mkaziyo, azipita kwawo ndi ana ake.

Amalume anayamba ndi pemphero. Kenaka anati kope liwerengedwe, ndipo linawerengedwa. Anati liwerengedwenso. Litatha kachiwiri anafunsa kuti, "Zatha?" Msuweni anati zatha. Iwo anati, "Ayi, mwaiwala zinayi." Anadzuka, kulowa m'nyumba, n'kutuluka ndi ana aja, wamng'ono ali m'manja mwawo. Anawaimika pakati pa mphasa n'kunena kuti, "Awa nawonso wasiya ndi mng'ono wanga. Amene atenge bedi atengenso amene amagonapo. Amene atenge mapoto atengenso mimba zinayizi."

Panali zii. Palibe anakweza mutu.

Ndiye anati, "Popeza palibe akufuna, ndiyamba ndine kusankha, pakuti wamkulu ndine. Gawo langa ndi ana awa. Sukulu yawo ili pa ine. Koma mwana sagona m'kope. Nyumba iyi, ndi zonse zili m'katimo, zikhala ndi mayi wawo." Anatembenukira kwa namfedwa n'kuti, "Alamu, pano ndi panu. Mukadzafuna kupita kwanu mudzapita mwa kufuna kwanu, koma palibe akuthamangitseni ine ndili moyo."

Amayi athu anaimirira akunjenjemera. Anati, "Achimwene, mukutitaya ife magazi anu chifukwa cha mlendo?" Amalume anayankha motsitsa mawu kuti, "Achemwali, tsiku lija alamu anga, bambo a ana anuwa, anamwalira, abale awo atabwera kudzanyamula makina osokera, anaima pakhomo ndani? Tsiku limenelo mlendo munali inu." Zovala za malemu zokha ndizo anagawira abale monga mwa mwambo, iwo n'kutengapo chipewa. Mwini galimoto anamulipira ndi ndalama za m'thumba mwawo, ndipo inabwerera yopanda kanthu. Simbi ija tinaibweza mwakachetechete madzulo ake.

Chilungamo chili ndi mtengo wake

Tikanakonda kukuuzani kuti tonse tinalapa pomwepo, koma bodza. Amayi athu ndi amayi aang'ono anakhala pafupifupi zaka ziwiri osawapatsa moni mlongo wawo. M'mudzi munamveka mphekesera yakuti amalume akufuna kulowa chokolo, ena n'kumati mkaziyo anawadyetsa mankhwala. Ife amene tinawonjezera nkhuni pa moto umenewo. M'tchalitchi, pa nthawi yopatsana mtendere, tinkawalambalala.

Iwo sanadziteteze ndi mawu ambiri. Ku Dwangwa sanapitepo okha; ankapita ndi akazi awo kapena kuwatuma iwowo, kuti pakamwa pa anthu pasowe chonena. Ndipo Loweruka lililonse madzulo ankabwera kwa amayi athu ndi nsomba pa chingwe, kuodira, n'kuzisiya pa khonde. Masabata oyamba tinkatumidwa kukazibweza. Iwo sanaleke. Patapita nthawi tinawafunsa chifukwa chake, ndipo anatikumbutsa chiphunzitso cha Ambuye pa Mateyu 5:23-24, chakuti munthu asanapereke mphatso yake pa guwa ayambe wakafunafuna m'bale wake amene ali naye chifukwa. Anati sakanatha kumenya belu Lamulungu asanayese kugogoda kwa mlongo wawo Loweruka.

Pali munthu wina amene analipira mtengo waukulu, ndipo pa maliro sanatchulidwe mokwanira. Ndi akazi awo a amalume. Lonjezo lija la sukulu amalume analipereka pa mphasa asanawafunse. Mpunga umene anasunga kuti agule malata a nyumba yawo unathera ku fizi, mayunifolomu ndi makope, pamene ana aja ankafika ku sekondale mmodzi ndi mmodzi. Anakhala m'nyumba yaudzu zaka zambiri anzawo atafolera ndi malata. Mwana wawo weniweni anakhalapo pakhomo teremu yathunthu chifukwa ndalama sizinakwane. Mayiwa anatiuza okha kuti analira, ndipo tsiku lina anawafunsa amuna awo ngati ana a m'nyumba mwawo anali amasiye nawonso. Amalume, munthu wouma mutu uja, anapepesa. Kuyambira pamenepo sanalonjezenso kanthu kwa wachibale asanakhale pansi ndi akazi awo, ndipo mpunga ukakololedwa ankayamba kupatula gawo la ana a m'nyumba. Mutu umodzi susenza denga. Gawo lija analisenza anthu awiri.

Kuyanjana kunabwera ndi njala ya 2002. Amayi athu nthawi imeneyo ankakhala kumtunda, kumene anthu amadalira chimanga, ndipo m'miyezi ya Januwale ndi Febuluwale nkhokwe zinali mbee. Anthu ankadya gaga ndi zitsa za nthochi. Mlamu wawo uja, amene anali atayamba geni ya usipa n'kumachititsa lendi chipinda chimodzi cha nyumba ija, anatumiza thumba la makaka ndi uthenga wakuti abwere adzakhale naye mpaka zokolola zipse. Amayi anapita chifukwa cha njala, osati chifukwa cha chikondi. Anakadya kondowole wophikidwa m'poto yemwe uja ankafuna kunyamula. Atabwerako anapita okha kwa mlongo wawo, ndipo zimene anakambirana sanatiuze.

Koma si zonse zinatha bwino. Amayi aang'ono anamwalira asanayanjane ndi amalume, ndipo chinali chilonda chimene anapita nacho kumanda. Mwa ana anayi aja, mmodzi anamwalira ali wamng'ono, wina sukulu inamukanika, wina ndi mphunzitsi, wina ndi telala. Mayi wawo anayamba kulandira mankhwala otalikitsa moyo boma litayamba kuwapereka ulere mu 2004, ndipo alipo mpaka lero. Mulungu sanatilonjeze kuti chabwino chilichonse chidzatibwerera ndi thumba la makaka. Timachita chilungamo chifukwa ndi chimene Iye amafuna, kubweza kukhalepo kapena kusakhalepo.

Nanga ife amayi titani?

Yakobo 1:27 amatiphunzitsa kuti chipembedzo chimene Mulungu amachilandira chimaonekera pa kusamalira ana amasiye ndi akazi amasiye m'mavuto awo. Vesi limeneli timalidziwa pamtima. Timalikumbukira tikamapita kukapereka sopo ndi shuga kwa amasiye a m'mudzi wina. Koma mayeso ake enieni ndi wamasiye wa m'banja mwathu, amene katundu wake tikumudziwa ndipo mwina tikumusirira. Tikupemphani tilingalire zinthu zinayi.

Choyamba, tidziyang'ane tokha. Tikamakamba zolanda katundu wa amasiye timakonda kuloza amuna. Koma pa mphasa ija, amene ankakankha nkhani anali akazi: alongo a malemu ndi ana awo. Amuna amanyamula mipando ndi njinga, koma amene amadziwa kuchuluka kwa mbale, mabulangete ndi zitenje ndife. Amene amayambitsa mawu akuti "wapha m'bale wathu" nthawi zambiri ndife. Yesu anadzudzula kwambiri anthu opemphera mapemphero aatali amene amadya nyumba za akazi amasiye (Marko 12:40), ndipo Eksodo 22:22-24 amachenjeza kuti kulira kwa wamasiye Mulungu amakumva. Yunifolomu siitibisa pamaso pake. Ngati m'nyumba mwathu muli bulangete kapena poto amene tinachotsa pa maliro mwa njira imeneyi, nthawi yobweza ndi kupepesa ikadalipo.

Chachiwiri, tisamachoke msanga pa maliro. Amayi a mpingo timagwira ntchito yaikulu: timagona pa siwa, timaimba usiku wonse, timatunga madzi, timaphika, timaperekeza m'bale wathu mpaka kumanda. Koma tikabwera kumanda timasamba m'manja n'kutsanzika, ndipo kope limatuluka ife titapita. Namfedwa amatsala yekha pa nthawi imene akufunika anzake koposa. Mwa zolinga za bungwe lathu, limene Mary Sumner analiyambitsa ku England mu 1876, chimodzi ndi kuthandiza anthu amene moyo wa banja lawo wakumana ndi zovuta. Bwanji nthambi iliyonse isasankhe amayi awiri kapena atatu okhwima maganizo, amene azibwerera pa tsiku la zokambirana n'kukhala pambali pa namfedwa? Sakupita kukakangana kapena kukalanda udindo wa eni mbumba. Akupita kukakhala mboni, ansembe ndi amfumu akudziwa. Anthu ambiri amachita manyazi kunyamula matiresi amayi a mpingo akuona. Tidziwenso kuti kuyambira mu 2011 dziko lathu lili ndi lamulo la chuma cha masiye limene limaika patsogolo mkazi kapena mwamuna wotsala pamodzi ndi ana, ndipo kulanda katundu wa masiye ndi mlandu umene munthu angamangidwe nawo. Zikavuta, wamasiye timuperekeze ku ofesi ya DC kapena ku polisi, ku nthambi yothandiza anthu ozunzidwa. M'nthawi ya amalume athu aang'ono, chimene chinateteza ana aja chinali mtima wa munthu mmodzi. Lero pali lamulo, koma lamulo siliyenda lokha kufika kuseri kwa nyumba kumene kwayalidwa mphasa.

Chachitatu, tikambirane kusanapse, monga zinachitira nkhanga. Ambiri timaopa kulankhula za wilo ndi amuna athu, poganiza kuti atiyesa tikuwafunira imfa. Koma mneneri Yesaya anatumidwa kukauza mfumu Hezekiya kuti ikonze za pa banja pake (Yesaya 38:1), ndipo Hezekiya anakhalanso ndi moyo zaka 15 pambuyo pake. Ambuye wathu ali pa mtanda, ululu uli pachimake, anakonza za amayi ake powapereka m'manja mwa wophunzira amene ankamukonda (Yohane 19:26-27). Kulemba wilo si kudziitanira maliro. Ndi pepala lolembedwa bwino, losainidwa ndi mwini wake pamaso pa mboni ziwiri, n'kusungidwa pamalo odalirika. Nafenso amayi amene tili ndi munda, geni kapena nyumba tilembe, chifukwa amuna amasiye ndi ana awo amalandidwanso ndi abale a kuchikazi.

Chachinayi, tikumbukire kuti amalume a mawa ali m'manja mwathu lero. Mnyamata amene ali pakhomo panu adzakhala mwini mbumba ya alongo ake. Adzakhala Labani kapena Abrahamu malinga ndi zimene akuona. Ngati amatimva tikunyoza alamu athu, ngati amationa tikubwera ku maliro ndi katundu pamutu, waphunzira kale. M'mera mpoyamba. Tiwazoloweretse ana athu aamuna kugawana ndi alongo awo, kupempherera abale powatchula mayina, ndi kufunsa maganizo a akazi awo akadzakwatira. Ndipo pamene pali bambo amene akulera ana a abale ake, tisaiwale mayi amene akuphika mphika waukuluwo. Timuyendere, timuthandize, timuthokoze akadali moyo.

Mathero a ulendo wawo

Amalume anadwala miyezi ingapo. Ataona kuti mphamvu zikutha, anaitanitsa ana awo, mbumba yawo ndi akazi awo, n'kutiuza kuti zonse analemba kale, ndipo pepala lina lili kwa ansembe, lina kwa amfumu. Nyumba ndi munda wa mpunga anasiyira akazi awo. Bwato ndi maukonde anasiyira ana awo aamuna. Njinga anati ipite kwa mnyamata amene anatenga ntchito yomenya belu. Ife mbumba anatisiyira buku lawo la mapemphero, lakutha m'makona, lomangidwa ndi mphira.

Titalitsegula tinapeza mapepala odzaza mayina, olembedwa ndi zolembera zosiyanasiyana pa zaka zambiri. Tonse tinalimo, ndi ana athu, ndi adzukulu amene iwo anangowaona kamodzi. Dzina la amayi aang'ono, amene anamwalira osawalankhula, linali pamwamba penipeni, pepala litada ndi chala.

Pa maliro awo panalibe kope. Amene anagona pambali pa namfedwa masiku onse anali mlamu wawo wa ku Dwangwa uja, ndipo bokosi anagula ndi mphunzitsi ndi telala. Ife tinatsala pakhomopo mpaka zokambirana zonse zitatha, ndipo tinachoka ndi zitenje zimene tinabwera nazo.

Amayi anzathu, sitikunena kuti amalume anapulumuka chifukwa cha ntchito zawo. Anali wochimwa wodalira chifundo cha Mulungu monga ife tonse. Koma pa mphasa ija anationetsa pang'ono mmene Mulungu wathu alili. Deuteronomo 32:9 amatiuza kuti Mulungu, mwini kumwamba ndi dziko lapansi, anasankha anthu ake kuti akhale gawo lake. Ife tinali ngati ana aja, oimikidwa pakati popanda wotifuna, ndipo Yesu Khristu anatitenga, nalipira ndi magazi ake. Iye ndiye Nkhoswe yathu kwa Atate (1 Yohane 2:1), ndipo mayina athu amawatchula kosalekeza. Amene analandiridwa chotere sangathamangitse wamasiye.

Mafunso okambirana m'magulu

1. Pa maliro amene anachitika posachedwa m'dera lathu, kodi tikudziwa zimene zinamuchitikira namfedwa ife titachoka?
2. Ndi miyambo iti ya kwathu imene imateteza amasiye, ndipo ndi iti imene anthu amabisalamo pofuna kulanda?
3. N'chiyani chimatilepheretsa kukambirana za wilo m'mabanja mwathu, ndipo tingayambe bwanji?
4. Kodi pali wachibale amene tinasiya kumutchula m'mapemphero athu? Tingachite chiyani sabata ino?

Tipemphere

Mulungu Atate wathu, mtetezi wa ana amasiye ndi akazi amasiye, tikukuthokozani chifukwa cha amalume, abambo, azakhali ndi agogo amene anatisunga pamene tinalibe mphamvu, ndipo tsopano anagona. Alandireni mu mtendere wanu. Tikhululukireni pamene tinasirira za amasiye, pamene tinanamizira alamu athu, ndi pamene tinaona choipa n'kukhala chete. Tipatseni mtima wolimba kuti tiime pambali pa olira mpaka kumapeto, ndi nzeru zolerera ana athu kuti adzakhale mthunzi wa mbumba zawo. Yanjanitsani mabanja amene anagawanika chifukwa cha chuma. Tikupempha zimenezi kudzera mwa Yesu Khristu Ambuye wathu, amene anatisankha kuti tikhale ake. Amen.